Ana anabwera kudzaulutsa ma drone, ine ndinawayalira mapu

Sukulu itatsala pang'ono kutsekera mu June, ahedi anandiitana ku ofesi n'kundilozera katoni yomwe inali pansi pa tebulo. Munali ma drone atatu, mabatire angapo, ndi timapepala ta malangizo tomwe palibe anali atatitsegula. Anati sukulu yapeza thandizo la ndalama loyambitsira phunziro latsopano, loti ana a zaka 16 ndi 17 azimaliza ali ndi satifiketi ya boma youlutsira ma drone, ndipo popeza ine ndimaphunzitsa physics, zonse zouluka ndi zanga. Ndinafunsa za silabasi. Anaseka, n'kunena kuti silabasiyo ndilemba ndine.

Ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana kuno ku America, kumene Amalawi tilipo ambiri moti pachinkhoswe kapena pamaliro nsima siisowa. Choko ndachigwira zaka zambiri, kuyambira kumudzi, koma drone ndinali ndisanaiulutsepo. Nditawauza amayi pafoni anayamba akhala chete, kenaka anati, "Iwe, ndege yopanda munthu mkati? Kuno timazidziwa zimenezo, zimayenda usiku pa lichero. Usamale nawo ana a eni ake." Ankangonditola, chifukwa kwathu ndi ku Kasungu, ndipo ma drone enieni iwo anayamba kuwaona ine ndisanawaone. Nkhani ya Kasunguyi ndibwereranso.

Chimene ndinayamba kuzindikira chinandithetsa mankhalu. Satifiketi imene ahedi ankanena imachokera ku FAA, bungwe loona za ndege kuno, pansi pa malamulo otchedwa Part 107 amene anayamba kugwira ntchito mu August 2016. Aliyense wofuna kudyerapo pa drone, kaya kujambula nyumba zogulitsa, kuyendera minda ya chimanga kapena kuona denga lomwe lasasuka ndi mphepo, ayenera kukhala nayo. Mayeso ake ndi mafunso 60 osankha yankho, maola awiri, ndipo wokhoza ndi amene wapeza 70 peresenti, ndiye kuti mafunso 42. Kuulutsa mulibemo. Palibe amene amakutengera pabwalo kuti aone ngati umatha kutera bwino. Umakhala pa kompyuta n'kumayankha za mapu, za nyengo, za malamulo, ndi za mmene oyendetsa ndege amalankhulira pa wailesi. Munthu akhoza kutulukamo ndi satifiketi asanagwirepo rimoti chibadwire. Ana 18 amene analembetsa sankadziwa zimenezi, iwo ankaona ngati chaka chonse tizikhala pabwalo la mpira makosi ali m'mwamba.

Tchuthi chonse cha July ndinathera pa intaneti. Zophunzitsira si kuti zinkasowa, zinachita kuchuluka ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa. Pali makampani ogulitsa maphunziro athunthu a mavidiyo, ena abwino ndithu, ndipo ine mwini ndinalipira amodzi kuti ndikonzekere mayeso anga mu August. Koma mavidiyo amenewa anawapangira munthu wamkulu wokhala yekha usiku ndi kapu ya tiyi, amene wafuna yekha kuphunzira. Mukawaonetsa ana 18 amene angochokera kukadya nkhomaliro, mphindi khumi sizitha mitu isanagwere pa madesiki. Pa YouTube palinso zaulere zosawerengeka. Ndinkangotola chilichonse n'kumaponya m'foda imodzi, mafunso oyeserera, timapepala ta chidule, zithunzi, osayang'ana kuti zinalembedwa liti.

Safunsa anadya phula. Sabata yachitatu ndinagawa pepala la chidule cha malamulo lomwe ndinalipeza penapake, ndipo mzere wina unkati drone siiloledwa kuuluka usiku pokhapokha utapempha chilolezo chapadera. Mtsikana wina wokhala kutsogolo, wosalankhulalankhula, anakweza mkono foni ili m'dzanja linalo. "Aphunzitsi, izi si zakale? Apa akuti zinasintha." Ankanena zoona. Kuyambira April 2021 munthu wa satifiketi akhoza kuulutsa usiku, bola drone ikhale ndi nyali yophethira yooneka pa mtunda wa mamailosi atatu. Chopweteka n'chakuti ine ndinkazidziwa, ndinali nditangoyankha kumene pa mayeso anga, koma pepalalo ndinaligawa osaliwerenga mzere ndi mzere. Madzulo ake ndinatsegula foda yonse ija ndipo ndinapeza kuti zambiri zinali za 2021 isanafike. Ngakhale buku laulere lokonzekerera mayeso lomwe aliyense amayambira, lili ndi deti la August 2016 pachikuto. Za nyengo ndi za mapu zomwe zili mmenemo zikadali zolondola, mphepo sisintha chifukwa cha lamulo, koma za usiku, za kuulutsa pamwamba pa anthu, ndi za Remote ID, kachipangizo kolengeza komwe drone ili ndi komwe mwini wake waima, uyenera kuzifuna kwina.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kutolatola, ndinayamba ndi kabuku kamene ndinkakanyoza poyamba chifukwa n'kouma ngati chikonyo. Dzina lake ndi Airman Certification Standards, aliyense amangoti ACS. Mulibe zithunzi, mulibe kufotokoza, ndi mndandanda chabe wa zonse zimene mayeso angafunse, m'magawo asanu: malamulo, kagawidwe ka mlengalenga, nyengo, katundu ndi mphamvu za ndege, ndi kayendetsedwe ka ntchito. Mfundo iliyonse ili ndi nambala yake, ndipo mwana akalemba mayeso, pepala la zotsatira limaonetsa manambala a mfundo zimene walakwa. Ndinasindikiza, n'kumata pakhoma, ndipo chophunzitsira chilichonse chimene sindinathe kuchilozera mfundo yake pakhomapo ndinachitaya. Foda inaphwa.

Chachiwiri chinali buku la zithunzi ndi mapu limene amakupatsa m'chipinda cha mayeso, Airman Knowledge Testing Supplement. Ambiri sadziwa kuti buku lomwelo, tsamba ndi tsamba, lili pa intaneti kwaulere. Mapu a kufupi ndi Dallas kapena Savannah amene mwana adzafunsidwe tsiku la mayeso akhoza kuwazolowera miyezi isanu mayeso asanafike, ndipo koyambirira kwa bukulo kuli tsamba lomasulira zizindikiro zonse, kutanthauza kuti mayankho ena amakhala ali m'manja mwake momwemo ngati anaphunzira kuwafuna. Apanso ndinapunthwa. Ndinapita nalo pa makina a fotokope a sukulu, osindikiza zakuda ndi zoyera, n'kupanga makope 18. Pa mapu a ndege, mtundu wa mzere ndiwo umaonetsa gulu la mlengalenga wozungulira bwalo la ndege: mzere wa buluu wosadukiza ndi Class B, wa magenta wosadukiza ndi Class C, wa buluu wodukizadukiza ndi Class D. Pa makope anga yonse inatuluka yotuwa mofanana. Mapepala onse aja anathera kukhala olembapo masamu kumbuyo kwake.

Chimene chinadzutsa kalasi sichinachokere pa intaneti. Bambo wina wachikulire amene amaulutsa kandege kake pa kabwalo kakang'ono kunja kwa tauni, atamva kwa mdzukulu wake zimene tinkachita, anabwera ndi mulu wa mapu a pepala otchedwa sectional. Mapuwa amasinthidwa masiku 56 alionse, choncho oyendetsa ndege amakhala ndi akale omwe saloledwa kuwagwiritsanso ntchito paulendo, koma pophunzitsira alibe vuto. Tinakankhira madesiki kukhoma n'kuyala mapu a Chicago pansi, chifukwa South Bend ili pa mapu amenewo. Sentimita imodzi ndi makilomita asanu. Ana a zaka 17, aja amadziona ngati akuluakulu, anagwada pansi n'kumasakasaka kwawo. Bwalo la ndege la South Bend lazunguliridwa ndi mizere iwiri ya magenta, ndipo wina atalondola ndi chala anakuwa kuti sukulu yathu ili mkati mwa mzere woyamba, umene mlengalenga wake woyang'aniridwa umayambira pansi penipeni. Ndiye kuti bwalo la mpira lomwe ankalilakalaka lija sitingaulutsirepo popanda chilolezo. Chilolezocho sichivuta, chimapemphedwa pa foni kudzera mu njira yotchedwa LAANC ndipo kawirikawiri chimabwera nthawi yomweyo, chikunena msinkhu umene usapitirire pamalo amenewo. Koma kuti mwana aone yekha kuti pamwamba pa denga la sukulu yake pali malire osaoneka, ndipo pali wina pa nsanja ya bwalo la ndege amene ali ndi ulamuliro pamenepo, palibe vidiyo imene inandichitira zimenezo.

Pa mapu pomwepo ndi pamene tinalimbana ndi chinthu chimene chimagwetsa ambiri, kusiyana kwa msinkhu woyezera kuchokera pa nyanja yamchere ndi woyezera kuchokera pansi pomwe waima. Lamulo la drone likuti usapitirire mafiti 400 kuchokera pansi, pafupifupi mamita 120. Koma manambala ambiri a pa mapu ndi ochokera pa nyanja. Nsanja ya foni ikhoza kulembedwa 1,150 ndi manambala akuda kwambiri, pansi pake 350 m'mabulaketi. Kutalika kwa nsanjayo ndi 350, enawo ndi chifukwa chakuti dera lathu lenilenilo lili pafupifupi mafiti 800 pamwamba pa nyanja. Ndipo ngati ukuyendera nsanjayo, uli mkati mwa mafiti 400 kuchokera pa iyo, lamulo limakulola kukwera mafiti 400 pamwamba pa nsonga yake. Ndinafotokoza katatu osamveka. Kachinayi ndinaimika mnyamata wamfupi pa desiki pafupi ndi mnzake wamtali amene anaima pansi, n'kufunsa kuti wamtali ndani ndipo mutu uli pamwamba ndi wa ndani. Anaseka, koma pa mafunso oyeserera a Lachisanu palibe anasokonezanso.

Za miyezo ndiye musanene. Ine ndinakulira mamita ndi makilomita, ndipo phunziro limeneli limasakaniza mafiti, mamailosi a pamtunda, mamailosi a panyanja ndi ma knot oyezera liwiro m'funso limodzi. Pokhapo pamene ndinawaposa ana anga ndi pa kutentha, chifukwa malipoti a nyengo a ndege amalembedwa mu Celsius ngakhale kuno kumene aliyense amadziwa Fahrenheit yokha.

Malipoti amenewa, otchedwa METAR, anasanduka pemphero lathu loyambira kalasi. Mphindi zisanu zoyambirira ndinkatsegula tsamba la boma la aviationweather.gov, n'kulemba pa bolodi lipoti la bwalo lathu la ola limenelo. La tsiku lina mu January ndinalisunga m'kope:

KSBN 141754Z 27014G22KT 3SM -SN OVC012 M04/M07 A2998

Poyamba ana ankati ndi pasiwedi ya Wi-Fi. Pofika January ankaliwerenga ngati uthenga wa bwenzi. Tsiku la 14, nthawi ya 17:54 pa wotchi ya dziko lonse lapansi, imene kwa ife inali 12:54 masana, ndipo ine mumtima ndinkawonjezera kuti ku Kasungu ndi 19:54, amayi atha kudya. Mphepo ikuchokera kumadzulo, ma knot 14, nthawi zina kuwomba mpaka 22. Maso akuona mamailosi atatu, chipale chikugwa pang'ono, mitambo yaphimba ponse pa mafiti 1,200, kuzizira madigiri 4 pansi pa ziro. Kenaka funso la tsiku lililonse: tiulutse kapena ayi? Mwa lamulo zinali zotheka. Mamailosi atatu ndiwo malire enieni, ndipo ukakhala pa mafiti 400 uli pansi pa mitambo ndi mafiti oposa 500 amene amafunika. Theka la kalasi linati tiyeni. Theka linalo linakumbutsa kuti batire likazizidwa limatha msanga, kuti chipale chochokera ku nyanja ya Michigan chimatha kutseka maso m'mphindi zochepa, ndiponso kuti kandege kathu kopepuka sikangalimbane ndi mphepo ya ma knot 22. Anakangana mpaka ndinachita kuwaletsa. Mkangano umenewo ndi umene ndinkaufuna chiyambire, ndipo sunandidyere ngakhale senti.

Nkhani ya Notre Dame inabwera yokha. Mu nyengo ya mpira wa ku America tauni yonse imathera ku sitediyamu ya yunivesite imeneyi, ndipo mnyamata wina anati akakhoza mayeso akajambula masewerawo kuchokera m'mwamba n'kugulitsa. Ndinamutuma kuti akafufuze yekha. Anabwera mawa lake nkhope itagwa: pa masewera akuluakulu a m'masitediyamu okhala anthu 30,000 kapena kuposa, mlengalenga umatsekedwa mamailosi atatu a panyanja kuzungulira, kuyambira ola limodzi masewera asanayambe mpaka ola limodzi atatha. Mnyamata yemweyu ndi amene anatiphunzitsa gawo la makhalidwe asanu oopsa a woyendetsa ndege, amene mayeso amafunsa: kudana ndi malamulo, phuma, kuganiza kuti ngozi ndi ya ena, matama, ndi kutaya mtima. Tinkayeserera kuulutsa mu holo ya masewera, popeza m'nyumba si mlengalenga wa FAA, ndipo iye anati akhoza kudutsitsa drone mu ringi ya basketball chafutambuyo. Inakodwa mu neti n'kumalira ngati njuchi yogwera m'botolo mpaka tinabweretsa makwerero. Anzake sanamunyoze, anangomufunsa kuti pa asanu aja linali liti. Anayankha yekha kuti matama, mwina ndi phuma pang'ono.

Pali zina zimene palibe buku linandichenjeza, ndipo si za ndege n'komwe. Mayeso amalembedwa ku malo ovomerezeka, osati kusukulu, ndipo ndi madola 175 pa mwana aliyense. Thandizo la ndalama lija linagula ma drone koma za mayeso munalibe, choncho ndinayenda maofesi angapo ndi kalata m'manja. Mwana aliyense ayenera kutsegula akaunti pa IACRA, tsamba la FAA lolembetsera masatifiketi, kuti apeze nambala yake asanalembetse, ndipo pa tsikulo amafuna chiphaso cha boma chokhala ndi chithunzi, chimene ana ena osayendetsa galimoto analibe. Mayeso akhoza kulembedwa munthu ali ndi zaka 14, koma satifiketi imaperekedwa akakwanitsa 16. Lamulo limafunanso kuti azitha kuwerenga, kulemba ndi kulankhula Chingerezi, ndipo ana anga angapo kunyumba amalankhula Chisipanishi. Nkhani yeniyeni ankaimva bwino, chimene chinkawakola ndi kapangidwe ka mafunso, aja oti mayankho awiri amaoneka olondola koma limodzi lasiyana ndi liwu limodzi. Ndinawamvetsa, poti inenso ndinaphunzira za magetsi ndi maginito mu Fomu 1 m'chilankhulo chimene ndinkachiopa kuposa phunzirolo. Tinkakhala nawo Lachitatu masana n'kumang'amba funso lililonse chiganizo ndi chiganizo.

Tsopano za Kasungu. Tsiku lina tikuphunzira lamulo lakuti drone izioneka ndi maso ako nthawi zonse, wina anadandaula kuti ndiye phindu lake n'chiyani ngati singapite kutali. Ndinawauza kuti kwathu, kuyambira June 2017, boma la Malawi ndi UNICEF anapatula dera la makilomita 40 kuzungulira bwalo la ndege la Kasungu loyeserera ma drone othandiza anthu, kumene amaloledwa kuuluka mpaka kuzimiririka m'maso. Chaka cha 2016 anali atayesa kale ku Lilongwe kunyamula pa drone timapepala toyezera magazi a makanda ngati ali ndi HIV, kuti zotsatira zisamachedwe panjira. Mu January 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy, mothandizana ndi yunivesite ya Virginia Tech ya konkuno. Ana anandiyang'ana mokayika, chifukwa Africa imene amaidziwa ndi ya pa TV. Ndinatsegula tsamba lathu la nyengo lija n'kulemba FWKI, bwalo la ndege la Kamuzu. Lipoti linatuluka m'kalembedwe komweko, ndipo analiwerenga okha, kupatula kuti kutalika komwe maso akuona kunali m'mamita ndipo mphamvu ya mpweya inayamba ndi Q m'malo mwa A. Mtsikana uja wa kutsogolo anati ndiye kuti akhoza kukagwira ntchito kwathu. Ndinamuuza kuti nyengo ndi mapu angapite nazo, koma satifiketi ya FAA ndi ya mlengalenga wa America, kumudzi akayambe wagogoda kwa oyang'anira za ndege a kumeneko.

Mawu omwewa ndinauza mnzanga amene amaphunzitsa pa sekondale ina kumudzi, atandipempha pa WhatsApp kuti ndimutumizire zonse zomwe ndili nazo za kalabu yake ya sayansi. Ndinamutumizira mabuku a nyengo, a kayendedwe ka mpweya pa mapiko, ndi maphunziro anga a METAR nditasintha KSBN kukhala FWCL, ya Chileka. Za Part 107 ndinazichotsamo dala. Mwana wa ku Blantyre ataloweza malamulo a America n'kumaganiza kuti ndi a dziko lonse lapansi, ndiye kuti ndamuchita chimodzimodzi chimene pepala lakale lija linandichita ine.

Mu April ana 15 anakalemba. Ena atatu anasankha kudikira. Anakhoza 13, ndipo awiri amene analephera anadikira masiku 14 amene lamulo limafuna, tikuyang'ana manambala a ACS pa mapepala awo a zotsatira. Onse awiri anagwa pa mapu, osati pa malamulo. Mmodzi anakhoza ulendo wachiwiri, winayo anati ayesanso chilimwe.

Tsiku loyamba kutuluka panja linali mu May. Mtsikana uja ndiye anapempha chilolezo pa foni yake, chifukwa satifiketi yake yongoyembekezera inali itabwera, ndipo mwa lamulo woyang'anira ulendowo anali iyeyo, ine ndinali wongoonerera. Anawerenga METAR mokweza, anayendera mapiko ndi batire, anaika anzake awiri kumapeto kwa bwalo kuti aziyang'ana kumwamba, n'kundiuza kuti ndisunthe chifukwa ndinaima pamalo oterera. Ndinasuntha. Kanema wa tsikulo ndinawatumizira amayi, ndipo anayankha ndi voice note kuti kandegeko n'kakang'ono, a ku Kasungu ndi aakulu kuposa pamenepo.